Phazi Lotupa Lisapite Kudimba

Anzathu a m'kopaletivi, m'maphunziro apitawa takambirana za manyowa, za nazale ndi za kuthirira. Lero tiyeni tiwerame, tiyang'ane mapazi athu. Mlimi amanola khasu lake. Mpini ukagwedera amaukhomera. M'mawa uliwonse amayendera matimati kuona ngati mbozi zalowa. Nanga phazi limene limamufikitsa kudimbako, amaliyendera ndani?

Tikufuna kunena za anzathu odwala matenda a shuga. Ena mwa iwo mapazi awo akusintha maonekedwe ife tikuona. Zala zikupindika. Nsapato imene inkakwana chaka chatha lero ikukana. Wina phazi latupa, pakati pake pagwa, koma akubwerabe kuntchito, ndowa ili m'manja. Tikamufunsa amati, "Sizikupweteka, ndili bwino." Ife timavomera, n'kumusiya. Maganizo athu ndi akuti mawu amenewa asatikhazikenso mtima pansi. Mnzathuyo sakunama, akunena zoona ndithu, ndipo choopsa chagona pomwepo. Phazi lotero liyenera kupuma. Woti alipumitse ndi kopaletivi, chifukwa mwini wake payekha sangathe.

Matenda a shuga, amene kuchipatala amati diabetes, anthu ankati ndi a mabwana a m'maofesi. Lero afika ndi kwa olima. Kafukufuku wa m'dziko lonse la Mozambique anapeza kuti mu 2005, mwa akuluakulu 100 alionse, pafupifupi 3 anali ndi shuga. Atawerenganso m'zaka za 2014 ndi 2015 anapeza 7 ndi kupitirira pang'ono. Ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe kuti akudwala. Tsono tikakhala pamsonkhano kuno ku Canongola, tidziwe kuti matendawa akhala nafe pamphasa.

Kodi shuga amafika bwanji kuphazi?

M'thupi muli mitsempha ya mitundu iwiri. Ina ndi yodutsa magazi, ili ngati ngalande za m'dimba. Ina ndi yoyera, yonga ulusi, ndipo simudutsa magazi. Imeneyi imanyamula mauthenga pakati pa ubongo ndi ziwalo. Tikaponda munga, ndiyo imathamangitsa uthenga wakuti, "Chotsa phazi!" Tiyitchule kuti mitsempha ya mauthenga.

Shuga akachuluka m'magazi kwa zaka zambiri amawononga mitsempha ya mauthengayi pang'onopang'ono, monga mmene chiswe chimadyera mzati wa nkhokwe. Kunja mzati uli bwinobwino, m'kati mwatha. Imene imayamba kuwonongeka ndi yaitali kwambiri, yochokera kumsana kukafika ku zala zakumapazi. Izi ife alimi timazidziwa. Madzi akachepa m'ngalande, bedi lakumapeto ndilo limayamba kufota. Nchifukwa chake vutoli limayambira ku zala, kawirikawiri mapazi onse awiri, n'kumakwera ngati munthu akuvala sokosi. Madokotala amati mwa odwala shuga, mpaka theka limadzakumana nalo pakupita kwa zaka.

Poyamba munthu amamva dzanzi. Ena amamva mapazi akuyaka moto usiku, ena ngati akubayidwa ndi singano, ena ngati akuponda pa thonje. Kenaka zonse zimangoti zii. Mnzathu amakondwa, amati wachira. Koma mlonda wa phazi lija ndiye wamwalira, ndipo pakhomo patsala pululu.

Kusamva ululu anthu ambiri anamvapo. Chimene sichidziwika bwino ndi ichi: mitsempha yomweyi ndiyo imalamuliranso minofu. M'phazi limodzi muli mafupa 26. Mafupa amenewa sanakhomedwe ndi misomali. Amagwiridwa ndi timinofu ting'onoting'ono ta m'kati mwa phazi, ndiponso amakokedwa ndi minofu ikuluikulu ya m'katumba, imene ili ndi zingwe zazitali zofika ku zala. Magulu awiriwa amakoka mofanana, ngati ng'ombe ziwiri pagoli limodzi. Ng'ombe imodzi ikafooka, ngolo imakhota. Mauthenga akasiya kufika, timinofu ta m'phazi timafota. Minofu ya m'katumba imakokabe ndi mphamvu zake zonse. Pamenepo zala zimapindika, zimakhala ngati zikhadabo za kabawi pogwira mwanapiye. Mfundo za zala zimatukuka m'mwamba n'kumakhula nsapato. Nsonga za zala zimaloza pansi n'kumakumba dothi. Pamwamba pa phazi pamaoneka tizigwa pakati pa mafupa, pamene kale panali mnofu.

Zala zikapindika, pansi pa phazi pamachitikanso china. Kuseri kwa zala, pamene timapondera kwambiri, pali kamtsamiro ka mafuta. Ntchito yake ndi ngati ya nkhata pamutu pa mayi wosenza mtsuko. Zala zopindika zija zimakokera kamtsamiroka kutsogolo. Nkhata ikasuntha, mtsuko umakhala pafupa. Momwemonso mitu ya mafupa imatsala ikudinda khungu lokha. Kwa ena chingwe chachikulu cha kuseri kwa chidendene chimaumanso, ndiye thupi lonse limalemerera kutsogolo, pamalo omwewo opanda nkhata.

Khungu likamadindidwa tsiku ndi tsiku limakhuthala, limauma gwa. Ambiri amati kukhuthalako ndi chitetezo, amati ndi phazi la mlimi weniweni. Kwa munthu wosamva ululu si choncho ayi. Khungu lolimbalo lili ngati mwala umene uli m'nsapato, mwala wosachoka. Limabaya mnofu wa m'kati. Tikaona kadontho kakuda pakati pake, ndiye kuti pansi pake patuluka kale magazi. Posachedwa pamabooka chilonda chozungulira, ngati pabooledwa ndi msomali, ndipo mwini wake amachidziwa poona magazi pasokosi kapena pomva fungo.

Mitsempha yomweyi imalamuliranso thukuta. Ikafa, phazi limauma, chidendene chimachita ming'alu, ndipo tizilombo timalowera m'ming'alumo.

Kuno ku Tete za dzuwa sitichita kuuzidwa. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo mchenga ndi miyala zimatentha kuposa pamenepo. Phazi lamoyo likaponda mchenga wamasana limadumpha lokha, limathamangira pamthunzi. Phazi ladzanzi limangoima, likupsa. Munga wa msau ukhoza kukhala m'phazi lotero mlungu wathunthu. M'mwezi wa Juni winanso amawotha moto, mapazi ali pafupi ndi makala, n'kudzuka ndi matuza.

Phazi limene limagwa pakati

Pali kusintha kwina koopsa kuposa zala zopindika. Sikugwera ambiri, koma kukagwa kumathamanga. Madokotala amati phazi la Charcot. Dzinali ndi la dokotala wa ku France, Jean-Martin Charcot, amene mu 1868 mumzinda wa Paris analongosola za mfundo za mafupa zophwasuka popanda ululu mwa odwala chindoko chokhalitsa. Mu 1936 dokotala wina, William Jordan, anaonetsa kuti zomwezi zimachitikanso kwa odwala shuga.

Zimayamba ndi kanthu kochepa. Munthu wabinya phazi polumpha ngalande, kapena wapunthwa pamzere. Kafupa kena kachita mng'alu. Wina aliyense akanatsimphina, akanakhala pansi. Iye sakumva kanthu, ndiye akuyendabe, akusenzabe dengu la kabichi. Phazi limatupa, limatentha, khungu limasintha mtundu. M'kati mafupa amafewa. Akapondanso, mng'alu wina. Akapondanso, mfundo ina yaguluka. Pakangopita milungu kapena miyezi yochepa, kakhonde ka pansi pa phazi kaja, kamene sikakhudza dothi tikaponda, kamagwa. Pansi pa phazi pamatuluka chotupa cha fupa, phazi n'kukhala ngati pansi pa bwato. Likauma lili choncho silibwereranso mwakale. Fupa lotulukalo limaboola khungu, chilonda chimalowa mpaka m'fupa, ndipo njira yodula mwendo imayambira pamenepo.

Chizindikiro chake tichisunge bwino: phazi limodzi lotupa, lotentha kuposa linzake, lopanda ululu kapena lopweteka pang'ono chabe, mwa munthu wa shuga amene ali ndi dzanzi. Sitifunika makina kuti tizindikire. Kuseri kwa dzanja lathu kumamva kutentha. Tigwire phazi ili, tigwire linalo, tifanizire.

Mankhwala ake aakulu si jakisoni. Ndi kuchotsa katundu paphazi. Tonse timaudziwa mlatho wa Samora Machel pa Zambezi, wolendewera pa zingwe. Kwa zaka zambiri malole onse olemera opita ku Malawi ndi ku Zimbabwe ankadutsa pamenepo. Mu 2014 anatsegula mlatho wa Kassuende kuti katundu wolemerayo azidutsa kwina. Phazi la Charcot likufuna nzeru yomweyo. Kuchipatala amaliika m'chikhakha, amapereka ndodo zoyendera, ndipo munthu saliponda kwa miyezi ingapo, nthawi zina kupitirira theka la chaka, mpaka kutentha kutatha. Akafulumira chotero phazi limauma lili ndi maonekedwe ake. Tidziwenso kuti masiku oyamba chithunzi cha mafupa chikhoza kuoneka ngati palibe vuto. Choncho ngakhale chithunzi chikhale choyera, ngati phazi likutenthabe, mnzathu asaliponde, abwererenso kwa dokotala.

Akuluakulu athu amakumbukira odwala khate, zala zawo zikutha. Anthu ankati khate limadya mnofu. Dokotala wina, Paul Brand, anapita ku Vellore m'dziko la India mu 1946, ndipo atayang'anitsitsa anaonetsa kuti kawirikawiri chotha zalazo ndi kuvulala kobwerezabwereza pamalo osamva ululu. Odwala atayamba kuyendera mapazi awo tsiku lililonse, kuvala nsapato zowayenera ndi kupumitsa zilonda, ziwalo zinayamba kupulumuka. Pambuyo pake anapita ku America, kumene nzeru yomweyi inathandiza odwala shuga. Matenda ndi awiri osiyana, koma njira yopulumutsira phazi ndi imodzi.

Phazi likatupa mwadzidzidzi popanda ululu, kumudzi mawu sachedwa. "Waponda mankhwala panjira." "Amuchitira nsanje chifukwa cha dimba." Kenaka pamabwera lezala, kutema mphini paphazi lotupalo. Ife sitikufuna kukangana ndi munthu pa zimene amakhulupirira. Tikungopempha chimodzi: lezala isakhudze phazi la wodwala shuga. Bala laling'ono paphazi lotero limachedwa kupola, ndipo lina silipola konse. Chimodzimodzinso kusenga khungu lolimba ndi mpeni, ndi kuviika mapazi m'madzi otentha. Khungu lolimba akalichotse a chipatala. Madzi osambitsira mapazi tiyambe tawayesa ndi chigongono.

Ena amaopa chipatala, amati kumeneko amadula miyendo. Taganizani bwino. Amene amadulidwa ambiri ndi amene afika chilonda chitanunkha kale, chala chitada. Wofika ndi phazi lotentha lopanda chilonda amabwerako ndi chikhakha. Choncho tiyambire pachipatala chaching'ono chapafupi tsiku lomwelo, ndipo akatitumiza ku Hospital Provincial de Tete tipite, tisadikire kuti titsirize kukolola. Kumenekonso akayeza magazi. Dzanzi lonse si la shuga. Mowa wambiri umawononga mitsempha yomweyi, khate nalonso, ngakhale mankhwala ena. Safunsa anadya phula.

Mbali ya kopaletivi

Tsopano tifike pamtima pa nkhani. Dokotala akanena kuti, "Usaponde miyezi inayi," amanena zoona, koma iye sadzathirira anyezi wa mnzathuyo. M'makopaletivi ambiri gawo la munthu limawerengedwa ndi masiku amene wagwira ntchito. Wosabwera sadya. Tsono munthu amene phazi silikumupweteka, ana akufuna chakudya, mlembi akulemba masiku, adzakhala pansi chifukwa chiyani? Adzaponda basi. Wothyoka mwendo timamumvera chisoni chifukwa akubuula. Uyu sabuula, ndiye timamuyesa wamphamvu, kapena akakhala pansi timamuyesa waulesi. Lamulo lathu lowerenga masiku, limene ndi labwino kwa anthu athanzi, kwa iyeyu limakankhira phazi kumpeni.

Tikupempha kuti lamuloli likonzedwe. Membala amene chipatala chamuuza kuti apumitse phazi apatsidwe ntchito yokhala pansi, ndipo tsiku lake liwerengedwe lathunthu. Ntchito zotero zilipo zambiri. Pali kusankha matimati, kumanga mpiru m'mitolo, kusankha mbewu, kusoka matumba, kuluka madengu. Palinso kulemba m'buku la kopaletivi, poti tsopano kulemba tikudziwa. Zina mwa izi zikhoza kumupeza kunyumba kwake, kuti asayende mtunda. Patsiku lopita kuchipatala, njinga ya mnzake imunyamule.

Wina adzati, "Aulesi adzapezerapo mwayi." Funsoli ndi labwino, tisalinyoze. Koma mutu ndi msana munthu akhoza kunamizira. Phazi lotentha sanganamizire, dzanja limamva. Chala chopindika maso amaona. Palinso kapepala kakuchipatala, ndipo kuwerenga tikutha.

Wina adzati, "Thumba lathu ndi lochepa." Zoona, ndi lochepa. Tiwerengere limodzi. Mbali imodzi tiike miyezi ingapo ya ntchito yopepuka ndi nsapato imodzi yabwino. Mbali ina tiike mlimi wodziwa ntchito amene wadulidwa mwendo, mkazi kapena mwamuna wake wasiya dimba kukadwazika, mwana wasiya sukulu kuti azitunga madzi. Pamenepo kopaletivi yataya manja angati? Mbuzi yathu ikatsimphina timaigwira, timaitembenuza chiboda, timachotsa munga. Sitinena kuti thumba ndi lochepa.

Chachiwiri chimene tikupempha sichifuna ndalama. Mlonda wa m'phazi akamwalira, maso ndi manja a anzake alowe m'malo. Ku Ipswich, m'dziko la England, madokotala anakonza njira yoyesera dzanzi ndi chala chokha. Mnzathu avule nsapato, atseke maso. Ife tikhudze pang'ono nsonga ya chala chake chachikulu, chapakati ndi chaching'ono, phazi ili ndi linalo, zala 6 zonse pamodzi. Tisakanikize, tisakande, tingokhudza kamphindi. Akamva anene kuti, "Eya." Akaphonya zala 2 kapena kuposa, phazi lake lili pangozi, apite kuchipatala ngakhale palibe chilonda.

Ndipo pensulo imene taphunzira kugwirayi ili ndi ntchito ina. Mnzathu aimirire pa pepala kapena pa katoni. Tizungulize pensulo m'mbali mwa phazi lake. Pansi tilembe dzina ndi tsiku. Pakapita miyezi itatu tijambulenso, tifanizire ndi chakale. Maso amaiwala, chifukwa phazi timaliona tsiku lililonse ndipo limasintha mobisa. Pepala siliiwala. Ngati phazi lafupika chifukwa zala zapindika, kapena latambasuka pakati, pepala lidzanena. Mlembi asunge mapepalawa pamodzi ndi buku la zokolola.

Katoni yemweyo atithandize pogula nsapato. Timudule motsata mzere, tipite naye kumsika wa Kwachena kapena kulikonse kumene tigula za kaunjika, zimene kuno timati kalamidade. Timulowetse m'nsapato. Akapindika m'mbali, nsapatoyo ndi yaing'ono, tiisiye ngakhale ikhale yokongola. Wosamva ululu amakonda nsapato yothina, chifukwa ndi yokhayo imene amaimva kuti wavala. Ameneyo ndi msampha. Nsapato yoyenera ndi yotakata kutsogolo, yakuya kuti zala zopindika zisakhule denga lake, yofewa m'kati, yolimba pansi kuti munga usapyoze, ndiponso yomanga ndi zingwe. Tigule madzulo, pamene mapazi atupako. Patapata sateteza kanthu, ndipo kachingwe kake kamacheka pakati pa zala. Jombo za pulasitiki n'zabwino pothirira, koma zivalidwe ndi sokosi, zivulidwe ntchito ikatha, mapazi apukutidwe. Nsapato iliyonse tiigwedeze, tipisemo dzanja tisanavale. M'menemo mumagona timiyala, nthawi zina ndi chinkhanira.

Kunyumba, madzulo alionse, mnzathu asambe mapazi, apukute bwino pakati pa zala, adzole mafuta kuchidendene koma osati pakati pa zalapo. Ayang'ane pansi pa phazi. Ngati msana sulola kapena maso achita chifunga, poti shuga amawononganso maso, mwana kapena mdzukulu amuyang'anire. Ndi ntchito yosatha ngakhale nthawi yophika tiyi.

Zonsezi sizilowa m'malo mwa kutsitsa shugayo. Mitsempha imene yafa kale siuka, koma yotsalayo ikhoza kutetezeka. Mankhwala akuchipatala amwedwe tsiku lililonse, osati pokhapokha thupi likafooka. Nsima ichepe m'mbale, ndiwo zamasamba zichuluke. Apa ife tili ndi mwayi, poti mpiru, therere ndi nkhwani timalima tokha. Tisagulitse zonse n'kubwerera ndi botolo la zakumwa zotsekemera. Fodya achoke pakamwa, chifukwa amapanikiza mitsempha ya magazi, ndipo phazi losafika magazi okwanira silipoletsa chilonda.

Pali chinthu chimodzi chimene chingalepheretse zonsezi: manyazi. Munthu wamkulu savula nsapato pagulu. Mpongozi sangaonetse phazi kwa mkamwini. Mwambo umenewu tiulemekeze. Amayi ayang'anane okhaokha, abambo okhaokha, ndipo zimene taona paphazi la mnzathu zisakhale nkhani yapachitsime.

Pa 14 Novembala dziko lonse lapansi limakumbukira matenda a shuga. Kuno tsikuli limafika nthaka ili moto, pamene mapazi ambiri amapsa. Tisadikire tsikulo. Pamsonkhano wa mwezi uno nkhani ya lamulo la masiku ilowe pamndandanda wa zokambirana. Aliyense abwere ndi pensulo, katoni ndi kansalu kopukutira mapazi, wodwala shuga ndi wosadwala yemwe, poti ambiri sakudziwa mbali imene ali. Oyamba kuvula nsapato akhale a komiti.